Yesani Khosi la Ng'ombe Musanaseme Goli

Achikumbe anzathu a chimanga ndi fodya, mvula ili pafupi, ndipo inu amene muli ndi ng'ombe zantchito mwayamba kale kutulutsa mapulawo ndi maunyolo, kupala dzimbiri ndi kumanga mabawuti. Mwachita bwino. Koma pali chipangizo chimodzi chimene ambiri a ife sitichiyang'ana konse, chingakhale ndicho chikhala pathupi pa ng'ombe kuyambira m'mawa kufikira poweruka. Tinena goli. Tsiku la msika pa Migowi taimani pamene pafikira ngolo, ndipo musayang'ane katundu, koma muyang'ane makosi a ng'ombe. Mudzaona ina yosupuka ubweya patsogolo pa linunda, ina yotupa, ina ya chilonda chofiira chimene ntchentche zili kuchizinga. Mukafunsa mwini wake adzati, "Imeneyi njaulesi," kapena adzati, "Izolowera." Ife tikana mawu onse awiriwa. Mlandu suli pa ng'ombe ayi. Uli pa goli, ndi pa munthu amene analisema asanayese khosi lodzalisenza.

Phunziro la eni akavalo

Tiyambe ndi nyama imene ambiri a ife sitinaikwerepo. Akavalo m'dziko muno ngowerengeka, pakuti kashembe, pamodzi ndi nthenda ina yoopsa yofalitsidwa ndi tizilombo touluka madzulo, siziwalola kuchuluka. Koma kumaiko kumene kavalo wakhala mnzake wa munthu kwa mibadwo yambirimbiri, eni ake anaphunzira nzeru imene ife tiyenera kubwereka. Iwo sagula chishalo cha kavalo monga ife tigula chishalo cha njinga, kungoloza m'sitolo ndi kulipira. M'kati mwa chishalo cha kavalo muli chimango cholimba, chooneka ngati denga la nyumba: mbali zake ziwiri zitsamira pa minofu ya uku ndi uku, ndipo pakati pake patsala mpata kuti fupa la msana lisakhudzidwe.

Kavalo amene avutitsa eni ake koposa ndiye wa mapewa aakulu ndi msana wotambalala. Mukamuika chishalo chopangira kavalo wowonda, chimango chija sichikhazikika. Chikhala pamwamba, ndipo nsonga zake zakutsogolo zipana mnofu kuseri kwa mapewa monga mbano ipana nsomba. Mukamuika chachikulu kopitirira, chigwera pansi ndi kukanda fupa la msana. Chifukwa chake mmisiri wa zishalo ayamba ndi kavalo, osati ndi chikopa. Atenga waya wofewa, aupinda pamsana pa kavalo kuseri kwa fupa la phewa, aunyamula bwinobwino, auika papepala ndi kulemba maonekedwe ake. Chishalo chikabwera achiyesa: kutsogolo kwake, pakati pa chimango ndi fupa la msana, payenera kulowa zala zitatu; fupa la phewa, limene libwerera m'mbuyo nthawi zonse mwendo ukaponda kutsogolo, liyenera kuyenda momasuka; ndipo kumbuyo chishalo chisapitirire nthiti yomaliza. Kavalo akathamanga, mwini wake achotsa chishalo ndi kuwerenga thukuta. Akaona kamalo kouma pakati pa msana wonyowa, adziwa kuti pamenepo panapanikizika kwambiri. Ndipo akanyozera, pakapita miyezi pamera ubweya woyera, umene ndi chipsera cha kusasamala kwake. Adziwanso kuti chishalo chothina sichikonzedwa ndi bulangete lochindikala, monga nsapato yothina siikula chifukwa mwavala masokosi awiri.

Ife ku chigwa cha Phalombe tilibe akavalo, koma tili ndi ng'ombe zokoka, ndipo malamulo atatu a mmisiri uja ngathu omwe: yesani nyama musanapange chomangira, siyani mpata pa mafupa oyenda, ndipo werengani khungu poweruka.

Ng'ombe zinasintha, goli silinasinthe

Ng'ombe yathu yachikhalire, imene akatswiri aitcha Malawi Zebu, njaing'ono, ya khosi lopyapyala ndi linunda lozungulira. Magoli ambiri amene ali m'midzi mwathu anasemedwa pa muyeso wa ng'ombe imeneyi. Koma tsopano m'makola mwalowa magazi a mitundu ina. Ilipo Brahman, imene anthu a ku America anaikonza kuchokera ku ng'ombe za ku India, ndipo ana ake osakanizika ndi ng'ombe zathu akula msinkhu, khosi lochindikala, mapewa otambalala. Iliponso Friesian ya mkaka, imene ana ake aamuna akafulidwa ena awaika pa ngolo. Imeneyi linunda ilibe, kotero kuti goli lilibe potsamira monga lichita pa ng'ombe yathu. Ng'ombe zasintha, koma mlimi alowa m'nyumba ndi kutulutsa goli lomwe lija.

Tinaziona ndi maso chaka china, mvula itangogwa, m'mudzi wina wa kumpoto kwa Migowi, kumene dothi ndi la makande. Bambo wina anasunga ndalama za fodya ndi nandolo zaka zingapo, nagula mfule wamkulu wa magazi a Brahman kuti akoke pamodzi ndi ng'ombe yake yakale. Goli anatenga la amalume ake. Tsiku loyamba ng'ombe inakoka, tsiku lachiwiri inayamba kupotoza khosi ndi kutuluka mumzere, ndipo tsiku lachitatu inagona pansi pakati pa munda. Anaikwapula, anaipotokola mchira, koma sinadzuke. Pamene tinafika anatilandira ndi mawu akuti, "Alangizi, andigulitsa chinyengo. Thupi lonseli, koma mphamvu ilibe." Ife tinati, "Abambo, tachotsani goli tione." Atachotsa, tinapeza khosi latupa mbali zonse ziwiri pamene timitengo ta goli tinapana, ndipo pamwamba khungu linali litasendeka malo aakulu ngati chikhatho. Bambo uja anakhala chete nthawi yaitali.

Ng'ombe ija inapuma milungu itatu. M'milungu imeneyo anzake anabzala, chimanga chawo chinamera, napalira koyamba. Iye anatsiriza munda ndi khasu lamanja, nabzala mochedwa. Ndipo mabanja ena atatu amene analonjezedwa kuti ng'ombe zomwezo zidzawalimira anachedwa naye pamodzi. Akulu anati m'mera mpoyamba. Chimanga chobzala mochedwa sichipezana ndi chinzake, mungachithire feteleza wotani. Mabanja anayi anachepekedwa m'nkhokwe chifukwa cha mipata iwiri ya pa mtengo, imene mmisiri akadaiboola bwino m'mawa umodzi.

Kale, pamene tinali kuphunzira zauphunzitsi, anatiuza kuti mwana akalephera kuwerenga, usanamutche chitsiru uyambe wafunsa ngati maso ake aona pa bolodi. Mwambo womwewo uyenera pa ng'ombe. Ng'ombe ilibe pakamwa ponenera kuti goli lithina. Inena ndi kupukusa mutu, kuthawa ikaona goli, kutsamira inzake, kuima kawirikawiri, ndipo pomaliza ndi kugona. Mlimi wanzeru amva mawu amenewa asanatenge chikoti.

Mmene goli ligwirira ntchito

Goli limene tidziwa kuno ndi mtengo umodzi wopingasa pa makosi a ng'ombe ziwiri, patsogolo penipeni pa linunda. Pa ng'ombe iliyonse pali timitengo tiwiri totsika m'mbali mwa khosi, timene ambiri atitcha zikeyi, ndipo kunsi kwake kuli chingwe kapena lamba wodutsa pansi pa khosi. Tizindikire ichi: ng'ombe siikoka ndi zikeyi, ndipo siikoka ndi chingwe. Ikankha mtengo ndi pamwamba pa khosi ndi linunda. Zikeyi ntchito yake ndi kuletsa goli kuti lisaterereke cham'mbali. Chingwe ntchito yake ndi kuletsa goli kuti lisavuke. Zikeyi zikayamba kupana kapena kugunda mafupa a mapewa, kapena chingwe chikayamba kutsamwitsa, goli laleka ntchito yake ndipo layamba kuzunza.

Akatswiri a ng'ombe zokoka awerengera kuti ng'ombe yathanzi ikhoza kukoka, kwa maola angapo, mphamvu yolingana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake. Ndiye kuti mfule wa makilogalamu 300 akankha goli ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 30, phazi lililonse, m'mawa wonse. Ndipo pulawo ikakodwa pa chitsa kapena m'makande ouma, mphamvuyo ikwera mwadzidzidzi. Tsono funsani: kulemera konseku kugwera pa malo aakulu bwanji? Mtengo wowonda, wozungulira, ukhudza khosi pa kamzere kakang'ono chabe. Amayi adziwa kusiyana kwa kusenza mtolo wa nkhuni pa nkhata ndi kuusenza pamutu pokha. Katundu ndi yemweyo, koma akamwazika pa malo aakulu asenzeka, ndipo akaunjikana pamodzi alasa.

Kuyesa ndi kusema

Choyamba, yesani ng'ombe iliyonse payokha. Iimitseni pamalo osalala, mutu uli monga iuika pokoka. Tengani waya wofewa monga achita mmisiri wa zishalo, mupinde pamwamba pa khosi patsogolo pa linunda, mutsitse mbali zonse ziwiri, ndipo mukalembe maonekedwe ake pa katoni kapena pansi. Chimenecho ndicho chitsanzo chopita nacho kwa mmisiri. Musamuuze kuti, "Ndisemereni goli," monga ngati magoli onse ndi amodzi, muuzeni kuti, "Ndisemereni goli la ng'ombe izi."

Chachiwiri, sankhani mtengo wouma, wowongoka, wopanda mfundo ndi ming'alu, wolimba koma wosalemera. Bulugamu wokhwima ndi malaina apezeka pafupi ndipo atumikira bwino. Ukhale wochindikala monga mainchesi 4, ndiwo masentimita 10, kuti pakhale posema. Pamene padzakhala khosi, mmisiri aseme ndi kasemasema pogoba pang'ono motsata chitsanzo chija, pakhale potambalala, m'mphepete mosathwa, ndipo apale mpaka pasalale. Yesani ndi tsaya lanu kapena kuseri kwa dzanja. Chimene chikanda inu chidzasenda ng'ombe. Mtengo wauwisi upindika ndi kung'aluka ukamauma, ndipo mng'alu utsina khungu.

Chachitatu, mipata ya zikeyi ibooledwe pa muyeso wa khosi la ng'ombe yake. Goli likakhala pamalo pake, dzanja lanu lilowe mosavuta pakati pa chikeyi ndi khosi, mbali iyi ndi iyo. Mpata ukachepa, zikeyi zipana. Ukakula kopitirira, goli ligwedera ndipo zikeyi zigunda mapewa pa phazi lililonse. Ng'ombe ziwiri za goli limodzi zikasiyana makosi, mipata yake isiyanenso; palibe lamulo lakuti mbali ziwiri za goli zifanane. Zikeyi zikhale za mtengo wosalala. Zitsulo zowonda za konkire, zimene ena aika chifukwa sizithyoka, zicheka mnofu.

Chachinayi, pansi pa khosi ikani lamba wa chikopa chofewa kapena chingwe chopota chachikulu, ndipo chikhatho chanu chilowe pakati pa lambayo ndi kholingo. Waya, kapena kachingwe kowonda ka nailoni, zisafike pakhosi pa ng'ombe. Ng'ombe imene ili kutsamwa siingakoke, monga munthu sangalime atamangidwa pakhosi.

Chachisanu, goli likakwana bwino, mukhoza kukulunga pamalo a khosi chikopa chofewa kapena chiguduli choyera. Koma kumbukirani nsapato ija: nsanza sizikonza goli lothina. Ndiponso chiguduli chonyowa, chodzala mchenga, chipala khungu koposa mtengo wosalala. Chiumitseni ndi kuchikutumula tsiku ndi tsiku.

Pomaliza, yesaninso chaka ndi chaka. Ng'ombe iphunzitsidwa goli ili ndi zaka ziwiri kapena zitatu, koma ipitirira kukula zaka zina pambuyo pake. Goli limene linakwana chaka chatha likhoza kuthina chaka chino, monga malaya a mwana wa sukulu.

Ntchito zitatu, magoli atatu

Mlimi salima ndi nkhwangwa, ndipo sadula mtengo ndi khasu. Koma ambiri afuna goli limodzi lilime, lipalire, likokenso ngolo. Goli lolimira likhale lalifupi, monga mapazi 3 kuchokera pakati pa khosi la ng'ombe iyi kufika pakati pa khosi la inzake, kuti ina iyende mumzere wa pulawo ndi ina pa nthaka yosalima, unyolo uli wowongoka. Goli la ngolo litalike pang'ono, pakuti pakati pa ng'ombe padutsa mtengo wa ngolo, umene suyenera kugunda nthiti pokhota. Goli lopalira ndi kukwezera mizere lili ndi lamulo lake losavuta: kutalika kwake, kuchokera pakati pa khosi kufika pakati pa khosi, kukhale kawiri kutalikirana kwa mizere yanu. Ngati mizere yanu italikirana masentimita 90, monga inali mizere yakale ya mapazi 3, goli likhale masentimita 180. Ngati mwatsata mizere ya masentimita 75, imene ambiri aitcha ya Sasakawa, goli likhale masentimita 150. M'munda wa fodya yesani mizere yanu ndi kuwerengera chimodzimodzi. Mukatero ng'ombe ziyenda m'makwawa, chipangizo chili m'khwawa la pakati, ndipo mbewu sizipondedwa.

Za ng'ombe zosalingana tinene ichi. Chabwino koposa ndi kumanga pamodzi ng'ombe zofanana msinkhu ndi mphamvu, pakuti zikasiyana goli lipendekeka ndipo yaifupi isenza kulemera kwa inzake. Koma mlimi wosauka amanga zimene ali nazo. Ngati ina iposa inzake mphamvu, sendezani pomangira unyolo pang'ono kumbali ya yamphamvuyo. Anthu awiri akanyamula thumba pa mtengo, amene thumba lili pafupi naye ndiye alemedwa; pa goli mpomwemo.

Ngolo nayo ili ndi mlandu wake. Ngolo yathu ili ndi matayala awiri okha, kotero katundu akaunjikidwa kutsogolo, kulemera kwake kutsikira pa mtengo wa ngolo ndi kugwera pa makosi. Akaunjikidwa kumbuyo, mtengo unyamuka ndipo lamba akoka kholingo. Ikani zolemera pamwamba pa ekiselo, kuti munthu mmodzi akhoze kunyamula mtengo wa ngolo ndi manja ngolo ili yodzala. Mabelo a fodya, njerwa, mchenga ndi manyowa zonse zitsata lamulo limeneli. Mukaima nthawi yaitali pa msika, chirikizani mtengo wa ngolo ndi phanda kuti makosi apume.

Mawu a otsutsa

Tidziwa kuti ena powerenga adzati, "Makolo athu analima ndi goli lomweli, nanga lero lalakwa chiyani?" Abale, goli la zikeyi si la makolo athu. Makolo athu analima ndi khasu. Goli limeneli linachokera ku South Africa, kumene Mabunu anali kumanga ng'ombe zambiri, nthawi zina 16, pa ngolo imodzi yaikulu. Ndipo ngakhale dzina lakuti chikeyi lichokera m'chinenero chawo. Iwo analikonda chifukwa lisemeka msanga ndipo limangika msanga pa ng'ombe iliyonse. Munthu wa ng'ombe zambiri, ina ikapweteka, aichotsa namanga ina. Inu muli nazo ziwiri. Chinthu chobwereka tikhoza kuchikonza kuti chitikwane, ndipo maiko ena atero. Ku Switzerland ndi ku Germany alimi anasokera ng'ombe zomangira za mitsamiro itatu, zosiya kholingo ndi mapewa pa ufulu. Kuno kwathu, mu Januwale 1992, akatswiri a maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa anasonkhana ku Lusaka pansi pa bungwe la ATNESA kukambirana za kukonza ntchito ya nyama zokoka. Tsono nkhani ya goli si yaing'ono monga tiiyesa.

Ena adzati, "Magoli atatu ndi ndalama." Inde, ndi ndalama, koma taikani pa sikelo. Mbali iyi muike mitengo itatu ndi malipiro a mmisiri wa m'mudzi. Mbali inayo muike mtengo wa ng'ombe imodzi, milungu itatu ya mvula yoyamba, ndi ndalama za aganyu olima ndi manja. Amene sangathe atatu nthawi imodzi ayambe ndi limodzi lokwana bwino, ndipo alimi oyandikana, a mizere yofanana ndi ng'ombe zofanana, akhoza kubwerekana lopalira.

Enanso adzati, "Khosi liyenera kuyamba lachita chilonda kuti lilimbe." Bodza limeneli lapha ng'ombe zambiri. Khosi lilimba ndi ntchito yopepuka yochitika pang'onopang'ono, monga manja a mlimi achita zikang'a ndi khasu. Sililimba ndi bala. Pa chipsera khungu likhala lofooka, ndipo ling'ambikanso chaka chamawa. Taganizaninso za nyengo. Ntchito yolemetsa koposa ifika mu Novembala ndi Disembala, pamene ng'ombe zatuluka m'chilimwe zili zowonda, mnofu wa pakhosi utachepa. Ndipo khungu lonyowa ndi mvula lisupuka msanga koposa louma. Chifukwa chake yambani kumanga ng'ombe milungu iwiri kapena itatu mvula isanagwe, zikoke ngolo yopepuka kapena chipika ola limodzi patsiku. Zipatseni mapesi amene munasunga, zotsalira za nandolo ndi mtedza, madeya ndi mchere pang'ono. Polima yambani mbandakucha, ndipo muweruke dzuwa lisanafike paliwombo.

Ndipo alipo amene adzati, "Ife ng'ombe tilibe, nkhaniyi si yathu." Zoona, ku chigwa chino minda njaing'ono ndipo ochuluka alima ndi khasu, ng'ombe zantchito zichuluka ku Mzimba, ku Kasungu ndi ku Lilongwe koposa kuno. Koma chifukwa chakuti nzochepa, ng'ombe ziwiri zitumikira mudzi wonse. Ndizo zituta chimanga kumunda, zipereka fodya ku msewu, zibweretsa njerwa za sukulu, ndipo usiku zinyamula wodwala. Tinataya ziweto pa napolo wa ku Michesi mu Malichi 1991, tinatayanso zina pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Zimene zatsala ndi chuma cha tonse. Inu wobwereka ngolo, musaumirize mwini wake kuwonjezera matumba, ndipo mukaona chilonda pakhosi, nenani.

Bulu si ng'ombe yaing'ono

Tichenjeze pa chinthu china chisanafike ponseponse. Ku chigawo cha pakati, makamaka m'madera a Lilongwe ndi Dedza, abulu akoka ngolo, ndipo ambiri a iwo amangidwa m'goli la ng'ombe. Uku ndi kulakwa kwakukulu. Bulu, monga mbale wake kavalo, alibe linunda, khosi lake ndi lalitali, ndipo khungu la pamwamba pake silipirira mtengo. Mphamvu yake ili pa chifuwa ndi mapewa. Anthu a ku China anazindikira ichi kalekale, napanga chomangira chofewa chozungulira mapewa a kavalo, ndipo pamene chinafika ku Ulaya, zaka zonga 1,000 zapitazo, kavalo anayamba kulima minda imene kale inali ya ng'ombe zokha. Ngakhale chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:10, chiletsa kulimitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi.

Amene afuna bulu amusokere lamba wotambalala monga chikhatho, wofewa m'kati, wodutsa pachifuwa kunsi kwa kholingo ndi pamwamba pa mfundo za miyendo. Kulemera kwa mtengo wa ngolo kukhale pamsana, pa kachishalo ka mitsamiro iwiri, uku ndi uku, fupa la msana lili pa mpata; ndipo kumbuyo kukhale lamba wina wa m'matako woletsa ngolo kumugunda potsetsereka. Apa phunziro la mmisiri wa zishalo ligwira monga liliri: katundu pa minofu, osati pa fupa. Bulu apirira mwakachetechete koposa ng'ombe, ndipo chifukwa cha ichi azunzika nthawi yaitali mwini wake asanadziwe.

Chilonda chikaoneka

Poweruka tsiku lililonse, mukachotsa goli, pititsani dzanja pakhosi pa ng'ombe zonse ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funani malo otentha, otupa, ubweya wothothoka kapena wopotana, ndi pamene ng'ombe inyanyuka mukakhudza. Mukapeza chotere, musadikire magazi. Konzani goli tsiku lomwelo. Khungu likang'ambika, ng'ombeyo ipume kufikira litapola. Tsukani bala ndi madzi owiritsa, ozizira, othira mchere pang'ono, ndipo muliteteze ku ntchentche, pakuti zikaikira mazira mubadwa mphutsi. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto, madzi a batire, dothi ndi ndowe si mankhwala. Ziotcha mnofu ndi kulowetsa matenda. Chotupa chikakula kapena chikachita mafinya, itanani mlangizi wa ziweto, ndipo musachiboole nokha ndi mpeni. Safunsa anadya phula.

Ndipo ng'ombe ikachira, musaibwezere m'goli limene linaipweteka. Ambiri agula mankhwala, asunga ng'ombe m'khola milungu yambiri, kenaka aimanganso mtengo womwewo, nadabwa kuti bala labwerera pamalo pomwe paja.

Tsono pempho lathu ndi ili, achikumbe anzathu. Mlungu uno, mitambo isanaunjikane pamwamba pa Michesi ndi Mulanje, tulutsani goli lanu, mumange ng'ombe, ndipo muyese ndi dzanja lanu m'zikeyi ndi pansi pa lamba. Dzanja likakana kulowa, tengani waya, yesani khosi, mupite kwa mmisiri. Bambo uja wa ku makande anachita chomwecho ng'ombe yake itachira. Mmisiri anaboola mipata yatsopano yotalikirana zala zitatu kuposa yakale, nagoba ndi kupala pamalo a khosi. Chaka chotsatira ng'ombe yomwe ija, imene anaitcha chinyengo, inalima munda wake ndi minda ya mabanja atatu aja, ndipo onse anabzala ndi mvula yoyamba.